Shawelo ya Anangondo

"Kodi mayi, kwanu mumafanana ndi ndani?"

Funso limeneli anandifunsa bambo wina wachikulire pa mseu wochokera ku msika wa Zomba, dzuwa litangopendeka. Ndinali nditasenza dengu la mbatata ndipo nkhata inali itaterereka. Bamboyo anandithandiza kutula, nakonza nkhata ija ndi manja ake, nandisenzetsanso. Masiku ano si ambiri angamuchitire zimenezo munthu wosamudziwa, n'chifukwa chake ndinamuyang'anitsitsa. Jekete yake inali yochapidwa bwino koma ya kalekale, ya mabatani ambirimbiri. M'zikhadabo zake munali utoto, mwina wofiira, mwina wakuda.

"Amati ndinatengera agogo anga aakazi," ndinayankha, "koma ine sindinawaone."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono, natsinzina diso limodzi, natambasula mkono chala chachikulu chili chilili, ngati akundiyeza.

"Chipumi n'chomwecho," anatero chapansipansi. "Zikomo mayi, mwandithandiza."

Ndinagwiriza dengu kuti ndimufunse dzina. Potembenuka ndinamuona ali kale patali, pafupi ndi mitengo ya bulugama, mtunda woti munthu wa msinkhu wake sakanaumaliza msanga chotero.

Ine ndine Dorika. Ndimakhala ku Chinamwali ndi amuna anga a Likongwe, amene ndi kalipentala, pamodzi ndi amayi anga ondibala, mayi Edina. Ana athu, Ndaziona ndi ang'ono ake, anakula n'kupita kwawo. Chaka chimenecho maso a amayi anali akutha. Kuchipatala anatiuza mwaulemu kuti si ng'ala yokha, kuseri kwake kuli vuto lina losachitika opaleshoni, ndipo kuwala kotsalako kudzazima pang'onopang'ono. Amayi sanadandaule za khungu. Chimene chinkawadya mtima n'chakuti nkhope ya amayi awo, Anangondo, inali itawathawa, poti anawasiya mano a ubwana asanachoke.

"Dorika," ankatero tikamasenda nandolo, "munthu akachita khungu amatsala ndi nkhope zimene anasunga m'mutu. Yako ndili nayo, ya bambo ako ndili nayo. Nanga ndikafika kumeneko, amayi anga ndikawazindikira bwanji pagulu?"

Kwathu kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi.

Madzulo a tsiku lomwe ndinakumana ndi bambo uja, a Likongwe anabwera ndi nkhani. Anakhala pakhonde, potalikira ndi apongozi awo monga mwa ulemu, n'kumalankhula ndi ine koma mawu akuwakweza kuti afike m'nyumba.

"Mayi a Ndaziona, ndapeza ganyu. Aphunzitsi ena a zojambula, a Mangulenje, asonkhanitsa zithunzi zakale za utoto kuti anthu akaone mu holo ya pasukulu pawo. Ndikukonza mafelemu. Akuti anajambula munthu mmodzi, wakuda ngati ife, Bezaleli Kambwiri."

M'nyumba munamveka kuwomba m'manja. Amayi anatulukira akupapasa khoma, nkhope ili ngwee, akuseka ngati mtsikana.

"Bezaleli wa likhweru? Ameneyo ali ndi mlandu ndi ife."

Usiku usanagwe anali atatifotokozera zonse, ndipo sindinawaonepo akulankhula mwachangu chotero. Bezaleli anaphunzira ku mishoni, nayamba ndi kulemba mayina pa zitseko za masitolo. Dona wina wa ku esiteti ataona mmene anajambulira galu wake pakhoma ndi khala, anamupatsa bokosi la utoto. Posakhalitsa aliyense wodzimva kuti ndi munthu mu Zomba ankafuna nkhope yake ili pakhoma: akalaliki a boma, omasulira ku khoti, abusa, amwenye a masitolo, akapitawo. Utoto wa m'bokosi utatha ankapera wake pamwala, katondo, mwaye ndi buluu wochapira zovala. Pojambula ankaimba likhweru la nyimbo ya kutchalitchi, ndipo anali ndi lamulo lake: "Musandiyang'ane ine, yang'anani munthu amene mumamukonda." Chithunzi sankaonetsa mpaka chitatha.

Anangondo ankachapa zovala za anthu ku Likangala, ndipo Bezaleli ankakhala nyumba yoyandikana nawo. Tsiku lina mkazi wa kalaliki wamkulu anabwera kudzajambulitsa, koma atadziona kuti diresi yake ndi yosaoneka bwino anayamba kulira kuti abwerere. Bezaleli anathamangira kwa Anangondo kukabwereka shawelo yawo yaukwati, yofiirira ngati vinyo wa mgonero, ya mphonje zachikasu. Chithunzi chija chinatchuka. Kuyambira pamenepo mayi aliyense ankati, "Inenso mundiveke ija." Shawelo inakhazikika kwa Bezaleli, ndipo iye analonjeza kuti malipiro ake adzawajambula Anangondo ali m'shawelo yawoyawo.

"Anayamba ndithu," anatero amayi. "Ine ndinali nditatsamira pa bondo lawo, ndimakumbuka likhweru. Ndiye kunabwera galimoto kudzamutenga, akuti munthu wolemera ku Limbe akukwatitsa mwana. Ananyamula shawelo, nati abwera mwezi ukatha. Kuchoka ku Limbe anamuitana kwina, kuchoka kwinako kwinanso. Mvula ya chaka chimenecho amayi anadwala chifuwa. Tinawaika m'nsalu wamba."

Loweruka lotsegulira zithunzi ndinawaveka amayi chitenje chawo chatsopano, tinakwera minibasi. Kondakitala anawasungira mpando wakutsogolo osawauza kuti afulumire, ndipo ndimamukumbukirabe mnyamata ameneyo.

Mu holo munali chimwemwe ngati cha pa chinkhoswe. Anthu ankakokana manja, uyu akuti taonani agogo anga, uyo akuti mphuno iyi ndi yathu. Pa zithunzipo panali abambo a masharubu atagwira zipewa pa bondo, abusa a makolala oyera, mmwenye wina atakhala pambali pa sikelo yake. Koma kuseka kunayamba anthu atafika ku mzere wa zithunzi za azimayi. Wonenepa, wowonda, wamng'ono, wachikulire, onse anali m'shawelo imodzimodzi.

"Agogo anu ndi agogo anga ankagula sitolo imodzi eti?" bambo wina anafunsa mnzake.

"Sitolo imodzi chiyani, ankagona bulangeti limodzi."

Mayi wina wovala mochititsa kaso anaima pa chithunzi cha agogo ake n'kumauza anzake kuti shaweloyo inachokera ku Joni. Ndinamva amayi akundifinya mkono. Anasendeza nkhope yawo pafupi kwambiri ndi chithunzicho mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza, kenaka anatembenukira mayi uja.

"Inawakhala bwino agogo anu," anatero.

A Mangulenje, bambo wamfupi wa magalasi, anatipeza pakona pamene panali chithunzi chimodzi chopanda felemu, chongotsamiritsa kukhoma. Panali shawelo ija, yojambulidwa bwino kuposa pena paliponse. Panali manja awiri pa miyendo, manja otupa m'mfundo, oyera m'mphepete mwa zala chifukwa cha sopo. Koma pamwamba pa khosi panalibe kanthu, nsalu yotuwa basi.

"Ichi tinachipeza kudenga kwa nyumba imene Kambwiri anamwalirira," anatero a Mangulenje. "Anafa ali yekha, kutchuka kutatha, anthu atayamba kukonda makamera. Akuti chinthu chimodzi chokha chimene sanalole kugulitsa n'chimenechi. Sitikudziwa kuti ndi ndani."

Ndinawauza amayi zimene zinali pachithunzipo. Pomwepo anafotokoza nkhani yonse, a Mangulenje akumvetsera magalasi ali m'manja. Atamaliza, mphunzitsiyo anayang'ana manja a pachithunzi, nayang'ana manja anga.

"Zina zonsezi zili ndi eni ake, azidzatenga," anatero. "Ichi chinalibe. Tengani, mayi."

A Likongwe anachikulunga m'nsalu ya pabedi, nachikankha pa njinga kuchoka kusukulu mpaka kunyumba osakwera, kuopa mabampu. Tinachiimika pabalaza. Amayi tsiku limenelo anadya kawiri.

Zinthu zinayamba ndi buluu. Ndinali ndi kachidutswa kake pa zenera la kukhitchini, ndipo Lolemba pochapa sindinakapeze. Ndinati mwina makoswe. M'mawa mwake ketulo yanga ndinaipeza kunsi kwake kuli mbee, mwaye wonse utapalidwa bwinobwino, chonsecho ine sindinaikweche. Mphaka wathu anabwera mchira utametedwa kunsonga, ndipo sankafunanso kulowa pabalaza. Ankafika pakhomo, n'kukhala, n'kumatsatira ndi maso chinthu chimene chinkayenda uku ndi uku m'chipinda chopanda munthu.

"Mayi a Ndaziona," anandiitana a Likongwe ali ku shedi kwawo, botolo lili m'manja, "mafuta anga opaka matabwa mwayamba kukazingira mandasi?"

"Ine mafuta onunkha amenewo?"

"Ndiye akumwa ndani? Dzulo anali apa, lero ali apa."

Tikangomaliza chakudya chamadzulo, kuseri kwa nyumba kunkayamba phokoso la kupera, mwala pa mwala, modekha, ngati munthu amene sakufuna kudzutsa ana. A Likongwe anatuluka ndi tochi ulendo woyamba. Phokoso linasiya. Anapeza mwala wathu wonolera mipeni uli ndi katondo wosalala ngati ufa. Atangolowa n'kutseka chitseko, kupera kunayambiranso.

Ndiye kunali mpando. Mpando wa amayi wa ndalema unkakhala pafupi ndi wailesi, koma m'mawa uliwonse tinkaupeza pazenera la kum'mawa, utapendekera pang'ono, moyang'anana ndi chithunzi chija. Ndinkaubweza, mawa lake uli pomwepo. Ndipo pabalaza pankamveka fungo la tapentaini, mafuta osungunulira utoto.

Ine mantha anandigwira, sindibisa. Koma amayi anali ngati mkwatibwi. Ankadzuka msanga, kusamba, kudzola, n'kukhala pakhomo la chipinda chawo khutu lili tcheru. M'mawa wina kusanayere bwino anandigwedeza phazi.

"Tamvera."

Pabalaza pankamveka likhweru, lopyapyala, lotuluka pakati pa mano, nyimbo imene ndinkaidziwa koma mawu ake osawakumbuka. Amayi anali akuseka mwakachetechete, misozi ikutsika.

"Wabwera, Dorika. Wachedwa, koma wabwera. Akufuna munthu wokhala pampandopo."

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira bambo wa pa mseu uja ndi chala chake, ndipo ndinawauza. Amayi anangogwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa mchere.

A Likongwe sanakondwe nazo. Anandiitanira kuseri n'kunena kuti chithunzicho achibweza kwa a Mangulenje tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka tiitane akuluampingo.

"Ine ndimagwira ntchito ndi amisiri amoyo," anatero. "Ameneyu ngati ndi mmisiri, abwere masana tikambirane za mafuta anga."

Amayi anamva. Sanalankhulepo ndi mkamwini wawo maso ndi maso chikwatirire ine, koma tsiku limenelo anaima pakhomo, nkhope ataloza kumbali.

"Dorika, uwauze bambo a kunyumba kuno kuti nyumba ndi yawo, chimene anene ndimvera. Koma uwauzenso kuti zenera lija dzana ndimaliona lonse, lero ndikuona theka."

A Likongwe anakanda m'mutu, nalowa mu shedi. Ndinamva sowo ikulira mpaka masana. Potuluka anali atanyamula choimikira chithunzi cha miyendo itatu, chopalidwa bwino, ndi kashelefu koikapo mabulashi. Anachiika pabalaza, nakwezapo chithunzi chija kumbuyo kwake kutaloza kumpando, nasiya botolo la mafuta pansi pake.

"Munthu asamagwire ntchito chowerama," anatero, natuluka msangamsanga.

M'mawa mwake, tambala atalira komaliza, ndinakhala pampando uja. Amayi anakhala pa mkeka, natsamira pa bondo langa monga ankachitira ali mwana.

"Usamuyang'ane iye," anandinong'oneza. "Ukudziwa lamulo."

Ndinayang'ana amayi. Ndinaona imvi zawo, ndi kabala ka pakhutu, ndi mmene ankamwetulira okha. Kuwala kutayamba kulowa, ndinamva chinthu chikutsika pa mapewa anga, cholemera pang'ono, chofunda, chonunkhira sopo wakale ndi m'bokosi. Pakona ya diso langa, kuseri kwa chithunzi, panali mdima wina woima, wotalika ngati munthu, umene unkasendera kutsogolo n'kubwerera. Khosi langa linayamba kutembenuka lokha kufuna kuona. Pomwepo chala chozizira ngati supuni chinandigwira pachibwano, mofatsa kwambiri, n'kundibweza. Likhweru linayamba, ndipo pansi pake pankamveka bulashi ikuyenda pa nsalu.

Dzuwa litafika pa mkeka zonse zinaleka, mapewa anga anapepuka. Ndinapeza chitenje changa chanyowa ndi thukuta, koma mtima unkagunda ngati ndapambana mayeso.

Tinachita zimenezi m'mawa uliwonse. Mantha anasanduka chidwi. Tinkadikira kucha ngati ana odikira Khirisimasi, ndipo masana ine ndi amayi tinkangoti tikakumana m'khitchini n'kuphulika kuseka popanda chifukwa. Chithunzi tinkachiphimba ndi nsalu titatsinzina, kuopa kuswa lamulo. A Likongwe ankadutsa pabalaza chammbali ngati nkhanu, koma ndinawapeza tsiku lina akuthiramo mafuta ena m'botolo muja.

"Wafika pati mnzanuyo?" ankandifunsa. "Pamphuno? Mphuno ya kwanu ndi ntchito ya sabata yathunthu."

Kenaka linafika tsiku limene amayi anadzuka n'kundifunsa chifukwa chake kunja sikukucha. Dzuwa linali litatuluka kale. Ndinawatengera pazenera, ndinawatembenuzira nkhope kum'mawa. Anaphethira, naphethiranso.

"Lazima," anatero.

Anakhala pa mkeka, manja ali pa miyendo. Sanalire. Anatembenukira kumene kunali chithunzi n'kulankhula ndi mawu wamba, ngati akulankhula ndi mnansi pa mpanda.

"Bezaleli, wachedwanso."

Tsiku limenelo kunalibe likhweru. M'mawa wotsatira mpando tinaupeza pafupi ndi wailesi pomwe ndinausiya. Nyumba inazizira. Amayi anasiya kudzola, chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinakwiya, ndipo ndinatsala pang'ono kuvundukula chithunzicho kuti ndione chimene tavutikira, koma dzanja linakana.

Patapita masiku, kupera kunabwerera, koma kosiyana. Kunali kolemera, kofulumira, ndipo kunkapitirira mpaka tulo kutitenga. A Likongwe anabwera kuchokera ku shedi maso ali tong'o.

"Tsopano watenga guluu wanga wa matabwa, ndi laimu amene ndinasungira khoma la bafa, ndi kampeni kanga kopakira pate womatira magalasi a mazenera. Akujambula kapena akumanga nyumba?"

M'mawa mwake mpando unali pazenera.

Amayi anakana kudzuka. "Ajambulire ndani? Ine ndilibe maso."

"Tiyeni basi, amayi," ndinawapempha. "Munthu wabwera ndi zipangizo zake. Tisamubweze."

Ndinawatsogolera pa mkeka, ine ndinakhala pampando, iwo anatsamira pa bondo langa mosafuna. Cholemera chija chinatsika pa mapewa. Koma bulashi sinamveke. Chinkamveka ndi kampeni, kukanda ndi kupaka, kukanda ndi kupaka, ngati munthu akuzira nyumba. Likhweru linali lofulumira, losangalala, mpaka ndinaona phazi la amayi likuyamba kugunda pansi motsatira nyimbo. Dzuwa linafika pa mkeka, linadutsa, linachoka pazenera, iye osaleka. Msana unandiwawa koma sindinasunthe. Kenaka nyimbo inafika kumapeto kwake, nthawi yoyamba chiyambire, ndipo kampeni kanaikidwa pa shelefu, kwe. Mapewa anga anapepuka. Chitseko cha pabalaza, chimene chinali chotseka, chinalira pang'ono ngati munthu wachikoka ndi ulemu potuluka.

Ndinaitana a Likongwe. Anabwera akupukuta manja, tinagwirizana kutembenuza choimikira chija.

Sindinali ine. Chipumi chinali changa, inde, koma mayi wa pachithunzipo anali wamng'ono kwa ine, wa masaya okwera, maso ake atayang'ana pansi chakumanzere, pamene pangakhale mutu wa mwana wotsamira pa bondo. Ndipo nkhopeyo sinali yosalala ngati zija za mu holo. Utoto unali wochindikala, wotukuka pa nsalu, mphuno ndi milomo ndi zikope zonse zoumbika, zouma gwa ngati zakhala zaka zambiri.

"Mayi a Ndaziona," a Likongwe ananong'ona, "bweretsani amayi. Ichi sichoonera maso."

Ndinawaimiritsa, ndinatenga manja awo n'kuwaika pa nsalu. Zala zawo zinayamba pachipumi, zinatsika pa nsidze, zinazungulira maso. Zitafika pa masaya zinaima. Pa tsaya lililonse panali timizere totukuka, tondondozana, mphini zimene akazi akale ankatema za ukongola. Ine ndilibe mphini, ndipo amayi anali asanazitchulepo. Zala zija zinayenda pa timizereto, kupita, kubwerera, mofulumira ngati za mwana.

"Ndinkasewera nazo akandinyamula," anatero. Mawu awo anali aang'ono. "Iyi yakumanzere inali yokhota. Iyi. Dorika, ndi amayi."

Anaima pamenepo nthawi yaitali, akuyendetsa zala pa nkhope yonse, kuiloweza. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, nati tsopano ngakhale pakhale anthu odzaza bwalo la mpira akawatulukira. A Likongwe anatuluka panja, ndinawamva akumina.

Miyendo ya amayi itatopa ndinati ndiwakhazike pampando. Pampandopo, pamene ine ndinali nditangochokapo, panali nsalu yopindidwa bwino, mphonje zake zachikasu zitalowetsedwa mkati. Mtundu wake unali utafwifwa m'mapindiro. Ndinaiika m'manja mwawo.

Anainunkhiza. Anaitambasula, naiyendetsa m'zala mpaka pakona pamene panali pong'ambika, posokedwa ndi ulusi wakuda, misoko yake ikuluikulu yokhotakhota.

"Wasoka ngati mwamuna," anatero amayi, akuifunda pa mapewa. "Koma wabweza."